Mayi Ntchentche ndi Kambaniro Kawo

Akulu anga si munthu woti mungamukonde. Ndikunena ine mng'ono wawo wa bere limodzi, telala amene ndawasokera zovala moyo wanga wonse osamvako "zikomo" ngakhale wa m'mphuno. Ku yunivesite kumene anagwira ntchito mpaka imvi kuti mbuu ankawatcha Mayi Ntchentche. Dzinalo ankalidziwa ndipo silinkawapweteka. Ankati bola limenelo, chifukwa ntchentche sinanamizirepo munthu.

Bambo athu anali wokonza mawotchi ndi mawailesi pakhonde la sitolo. Ana tinalipo awiri, tonse aakazi. Ine ndinatengera mayi, kuseka ndi aliyense. Akulu anga anatengera bambo maso ndi zala, koma pakamwa sitidziwa kumene anapatola. Ali kusekondale anauza mphunzitsi wa sayansi, kalasi yonse ikumva, kuti buku lake ndi lakale ndipo iyenso ndi wakale. Anawakwapula. M'mawa mwake anabwereza mawu omwewo.

Atabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite, azakhali athu anawafunsa zimene akuphunzira.

"Za majini," anayankha akulu anga.

Azakhali anaika kapu pansi. "Majini?"

"Eya. Inunso muli nawo ambirimbiri, azakhali. Ena munapatsira kale ana anu."

Ankanena tinthu tija ta m'thupi timene timachititsa mwana kufanana ndi makolo ake, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti azakhali amva za mizimu yoipa. Sanafotokoze. Azakhali ananyamuka tsiku lomwelo, ndipo anatha chaka osaponda pakhomo pathu.

Chipinda chawo cha ntchito chinali kumapeto kwa khonde lalitali la m'mwamba, moyandikana ndi zimbudzi. Usanafike pachitseko unkayamba walandiridwa ndi fungo longa la nthochi zoola zothira mowa wosasa. M'katimo munali mashelefu mpaka kudenga, odzaza timabotolo totseka ndi thonje. M'kabotolo kalikonse munali kaphala pansi, ndi tintchentche ta maso ofiira tija timazungulira pa zipatso zakupsa. Akulu anga ankazigonetsa ndi mpweya wina wake, n'kuzikhuthulira pansi pa maikulosikopu, n'kumazitembenuza ndi kaburashi imodzi imodzi, m'mawa mpaka madzulo.

Tsiku lina ndinapita kukawayeza diresi, ndipo ndinalakwa n'kufunsa chimene amafuna m'tizilombomo.

"Khala apo," anatero. "Iwe umasoka, mwina umvako. Thupi lakoli ndi maselo, tizipinda tosaoneka ndi maso. Antchito a m'selo ndi mapuloteni. Puloteni ili ngati mkanda wautali umene umadzipinda wokha n'kukhala ndi maonekedwe akeake. Tsono pali kachigawo kena ka mkandawo, timikanda tosakwana zana, kamene kamapindika mofanana kulikonse kumene kapezeka. Timizere take timagona moyandikana ngati mapuliti a siketi, pambali pake n'kutsala kangalande. Mchira wa puloteni ina umalowa m'kangalandemo, n'kugwidwa kuti gwa."

"Ngati batani m'kabowo kake?"

"Ayi. Koma kwa iwe, eya."

M'mabuku kachigawoko kali ndi dzina la zilembo zitatu, koma iwo ankakatcha kambaniro, ndipo dzinalo linafalikira khonde lonse. Anandiuza kuti kali mwa ntchentche, mwa nyongolotsi, mwa nsomba, mwa ine ndi mwa iwo, ndipo maonekedwe ake sanasinthe kuyambira kalekale. Puloteni imodzi imatha kukhala ndi timbaniro tingapo mondondozana, kalikonse katagwira wantchito wake, kuti onse akhale malo amodzi. M'diso la ntchentche, antchito opereka uthenga woti kwawala, otsegula chipata cha selo, ndi ozimitsa uthengawo ukafika, onse amagwiridwa pamodzi choncho. Ukathyola kambaniro kamodzi, antchito amabalalika, uthenga umachedwa, diso limagona. Anandionetsa kapaipi kagalasi kokhala ndi nyale kumapeto. Ntchentche zabwinobwino zinathamangira kowala. Zothyoledwa kambaniro zinkangoyendayenda ngati oledzera osowa njira ya kwawo.

"Ndiye zimenezi zitithandiza chiyani?" ndinafunsa.

"Yeza diresiyo uzipita," anatero.

Alamu anga, amuna a akulu angawo, anali a pakhonde lomwelo. Iwo ntchentche sankazikhudza. Ntchito yawo inali yofufuza maonekedwe a kambaniro. Ankayenga puloteni mpaka iume n'kukhala timibulu tonga ta mchere, n'kutiunika ndi cheza champhamvu, kenako kompyuta n'kuwajambulira chithunzi choonetsa pamene pali kamkanda kalikonse. N'chifukwa chake ankawatcha Bambo Chithunzi. Anali munthu wamtali, wa lilime la uchi, wodziwa dzina la mlonda aliyense ndi la mwana wa mlondayo. Ine ankanditcha "mlamu wanga wapamtima". Anthu ankati awiriwa akwanirana, wina akudziwa mmene kambaniro kalili, wina akudziwa chimene kamachita. Ine ndinkangoona munthu wokonda kuomberedwa m'manja akukwatira munthu amene sanaomberepo wina aliyense m'manja.

Pa tsiku la ukwati, zithunzi zili m'kati, mkwatibwi anasowa. Tinafunafuna mpaka kuzimbudzi. Anatulukira patapita nthawi, mkono wa diresi imene ndinasoka mwezi wathunthu utathimbirira ndi phala la ntchentche.

"Munali kuti, achemwali?"

"Kukasankha anamwali."

Ntchentche zazikazi zimayenera kupatulidwa zisanakumane ndi zazimuna, m'mawa ndi madzulo, apo ayi ntchito yonse imasokonekera. Alamu anaseka mpaka misozi, n'kuuza alendo onse. Nthawi imeneyo zinkawasangalatsa.

Anabereka mwana mmodzi wamkazi. Tinkamutcha Dona chifukwa chosankha zakudya. Ine ndinasamukira kwawo ndi makina anga kuti ndizimulera, poti makolo ake onse ankatuluka iye asanadzuke. Ndiye nkhani imene inaswa banjalo ndinaiona ikuyamba, pathebulo la chakudya chamadzulo.

Akulu anga anali atasintha kamkanda kamodzi kokha kumsana kwa kambaniro, kutali ndi kangalande kaja, ndipo ntchentche zinasiya kuthamangira kowala. Anabwereza, zinachitikanso. Anauza amuna awo akupakula.

"Sizingatheke," anatero alamu. "Kumsanako kulibe chimene chimagwira. Ndili nacho chithunzi."

"Chithunzi chanu ndi cha kambaniro kamodzi, kali kokhakokha, kouma ngati mchere. M'diso sikakhala kokha."

"Ntchentche zako zadwala china, mayi. Kapena wasokoneza mabotolo. Zimachitika munthu akatopa."

Akulu anga anaika supuni pansi. "Ine ndasokoneza mabotolo?"

"Sindikunena mwachipongwe."

"Ndiye munene mwachipongwe, ndimve kusiyana kwake."

Anakangana mpaka chakudya chinazizira. Alamu anawalangiza kuti asatumize nkhaniyo kwa asayansi anzawo, angadzichititse manyazi, ndipo angachititsenso manyazi dzina limene onse awiri ankagwiritsa ntchito. Akulu anga, amene sanamverepo mphunzitsi kapena m'busa, ulendo umenewo anamvera. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake.

Panapita zaka. Kenako mumzinda mwathu munachitika msonkhano waukulu wa asayansi ochokera m'mayiko ambiri, mu holo ya hotela. Alamu ndiwo anali wolankhula wamkulu. Ndinawakulitsira jekete m'chiuno poti anali atanenepa, ndipo anandiitana kuti ndibwere ndi Dona adzaone bambo ake. Tinakhala kumbuyo. Akulu anga anakhala pakati pa holo.

Alamu anaonetsa chithunzi chatsopano pakhoma. Ngakhale ine ndinaona kuti timbaniro tinalipo tiwiri, kena katatsamira kumsana kwa kanzake. Anafotokoza kuti anakhala akudzifunsa kwa nthawi yaitali ngati kumsanako kulibedi ntchito. Anati anapeza kuti mpamene kambaniro kachiwiri kamatsamira, ndipo popanda kutsamirako kangalande kamafwamphuka, mchira n'kupulumuka. Anaonetsanso zotsatira za ntchentche zija monga umboni. Anali atagwira ntchitoyo mwakachetechete ndi ophunzira awo, pakhonde lomwelo, akugona bedi limodzi ndi mwini maganizowo.

Pomaliza anathokoza ophunzira awo mayina mayina. Kenako anamwetulira n'kuloza pakati pa holo.

"Ndithokozenso mayi a kunyumba, amene amaonetsetsa kuti ntchentche zadya, inenso ndadya."

Holo yonse inaseka n'kuomba m'manja. Dona nayenso anaomba. Ine ndinkangoona khosi la akulu anga kumbuyo, lili njo, osagwedezeka.

Titafika kunyumba sanalalate. Anatsitsa masutikesi a alamu pamwamba pa wadiropu n'kuwaika pakhomo, opanda kanthu.

"Mulongedze nokha," anatero. "Ine ndingasokoneze."

Alamu anayesa kunena kuti inali nthabwala chabe, kuti dzina la akazi awo lilipo papepala la kafukufukuyo, lachinayi kapena lachisanu. Anati maganizo opanda chithunzi ndi maloto. Akulu anga anawafunsa funso limodzi lokha, tsiku limene anayamba kuumitsa timbaniro tiwirito. Alamu anati sakukumbukira. Banja linathera pamenepo.

Anthu ena akalekana amasamuka. Awa ayi. Aliyense anati achoke ndi mnzakeyo. Ndiye anakhala pakhonde limodzi zaka zonse zotsala, zitseko zawo zitayang'anana, osamwerana madzi. Firiji yaikulu yosungira mankhwala inali imodzi, ndipo akulu anga anamata tepi yofiira pakati pa shelefu iliyonse. Kabokosi ka alamu kakadutsa tepiyo, ankakapeza pansi, katasungunuka. Alamu nawo, atawakweza kukhala Pulofesa ndi mkulu wa dipatimenti, anayamba kubweza mwaulemu, mmene amabwezera anthu ophunzira. Maikulosikopu yabwino inkakhala yotanganidwa tsiku lililonse limene akulu anga aifuna. Wophunzira wanzeru akaonetsa chidwi ndi ntchentche, ankamuitanira tiyi mu ofesi n'kumulangiza ngati bambo kuti aganizire za tsogolo lake. Pamisonkhano ya aphunzitsi ankatchulana kuti "ena". "Ena akuganiza kuti fungo ndi sayansi." "Ena akuganiza kuti kujambula ndi kuganiza." Ophunzira anaphunzira kuyenda pakati penipeni pa khonde, maso pansi, kuti asaoneke kuti akupendekera chitseko china.

Musaganize kuti akulu anga anali mwanawankhosa pa nkhondoyi. Wophunzira wawo wina atakafunsa nzeru kwa alamu, anamuuza kuti asamutse mabuku ake tsiku lomwelo. Mtsikanayo anagwada pansi, akulira. Iwo anapitiriza kutembenuza ntchentche. Dona akabwera kuchokera kwa bambo ake, amene anali atakwatiranso, ankamufunsa ngati wapolisi: anadya chiyani, kunali ndani, mkazi watsopanoyo ananena chiyani. Mwanayo anaphunzira kunama ali wamng'ono, ndipo akafuna kulira ankabwera kudzalirira pa makina anga. Ndinawauza akulu anga kuti akumuononga mwana.

"Ukabereka wako udzandiuze," anayankha.

Ankadziwa kuti ine zimenezo zinakanika. Ndinasamuka mlungu womwewo, n'kukatsegula shopu yanga, ya chipinda chogona kuseri.

Chaka china dipatimenti inati ikufuna malo oika makompyuta atsopano, ndipo chipinda chimene chinasankhidwa chinali cha ntchentche. Akulu anga anawasamutsira kuchipinda chapansi, chopanda zenera, chachinyezi. Posakhalitsa mabotolo anagwidwa ndi tinthata, tizilombo tating'ono kuposa ntchentchezo, timene timadya mazira ake. Mitundu ina ya ntchentche imene anaipanga ndi manja awo kwa zaka zambiri inatha psiti. Iwo ankati alamu anachita dala. Alamu ankati ndi mmene nyumba zakale zimakhalira.

Tsiku lina masana ndinangoona galimoto yaganyu yaima pashopu, akulu anga akutsitsa makatoni.

"Izi ndi zimene zapulumuka," anatero. "Zikhala kuno mpaka ndifukize chipinda chija."

"Muno muli madiresi a anthu, achemwali."

"Madiresi sadya ntchentche."

Anazipachika pamashelefu anga a nsalu. Ankabwera m'mawa ndi madzulo kudzasankha anamwali ake, n'kumauza makasitomala anga kuti achepetse phokoso. Shopu yonse inanunkha yisiti. Mayi wina anabweza diresi ya mwana wake ya ukwati, akuti ikununkha mowa. Nditadandaula, akulu anga anati diresiyo inali yoipa kale. Ndinawauza kuti mwezi ukatha ndikataya mabotolo onse kudzala, ndipo anandiyang'ana n'kuona kuti sindikuseka. Anazichotsa mweziwo usanathe. Chibale ndi fupa, amatero, koma fupa limatsamwanso.

Zinthu zinatembenuka onse awiri atakalamba. Dokotala wina wa ana, wa kuchipatala chachikulu, anali ndi mabanja angapo a ana obadwa osamva, amenenso maso awo ankayamba kuchita chidima akamakula. Atapima magazi awo anapeza kuti onse ali ndi kamkanda kamodzi kosinthika m'puloteni ina ya m'khutu ndi m'diso. Puloteniyo inali ya timbaniro, ndipo kamkandako kanali kumsana. Dokotalayo sankadziwa ngati n'kamene kakuyambitsa matendawo, kapena n'kusiyana wamba kumene anthu amakhala nako. Anapita kwa Pulofesa, poti ndiye anali wotchuka pa nkhani ya kumsana. Pulofesa anamuonetsa zithunzi zokongola. Dokotala anati zithunzi waziona, koma akufuna kudziwa ngati diso lamoyo limafadi ndi kusinthako. Woyankha funso limenelo anali mmodzi yekha m'dziko lonse, ndipo anali m'chipinda chapansi chija.

Alamu anagogoda kumeneko, sanawatsegulire. Ndiye anabwera kushopu kwanga, atanyamula chipewa m'manja.

"Mlamu wanga wapamtima," anayamba.

"Zapamtima zinatha, alamu. Nenani chimene mwadzera."

Anafotokoza. Ndinavomera kuitana akulu anga chifukwa cha anawo, osati chifukwa cha iwo. Anakumana m'shopu mwanga Loweruka masana, wina atakhala pampando woyezera, wina ataima pafupi ndi chidole chovekera madiresi.

"Mayi a Dona, nkhani yake mwaimva," anatero alamu.

"Ndamva kuti ana ena ali ndi vuto kumsana kwa kambaniro. Ndadabwa. Kumsanako kulibe chimene chimagwira."

"Zakale zimenezo."

"Kapena dokotalayo wasokoneza mabotolo. Zimachitika munthu akatopa."

Alamu anafunsa, "Mukufuna ndigwade?"

"Mungandithimbiriritsire pansi pa mng'ono wanga. Wondiphikira phala ndi kunditsukira mabotolo munamusamutsira kwa inu chaka chatha. Ntchito imeneyi ifuna mabotolo ambiri. Muziphika ndinu, muzitsuka ndinu. Osatuma wophunzira. Ndipo ikatha, wokanena kumsonkhano ndine."

"Ine ndine mkulu wa dipatimenti."

"Ndiye muuze dokotalayo kuti ndinu mkulu wa dipatimenti."

Ndinkaganiza kuti atuluka. Anayang'ana chidole chija nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti phalalo amaphika nthawi yanji.

Nyengo yonse yamvula Pulofesa ankatsikira m'chipinda chapansi m'mawa uliwonse, atavala epuloni imene ndinawasokera dala ya nsalu ya maluwa. Ankatakasa mphika wa ufa, shuga ndi yisiti, n'kuthira m'timabotolo, n'kukwecha akale amene munali mphutsi zouma. Akulu anga ankanyamula botolo lililonse n'kuliyang'ana pa nyale. Likakhala ndi kadontho ankalibweza m'sinki. Phala likalimba kwambiri ankalitaya lonse. Khonde lonse linkadziwa, ndipo aphunzitsi ena ankapeza zifukwa zodutsira pansipo. Awiriwo sankalankhulana kupatula za kutentha kwa madzi.

Ntchito yokhayo anaigwira bwino, zimenezo sindingawamane. Poti kambaniro ka munthu ndi ka ntchentche n'kofanana mapindidwe, akulu anga anapeza kamkanda ka ntchentche kolingana ndi ka ana aja, n'kukasintha chimodzimodzi. Anadikira mibadwo ingapo ya ntchentche, anaika m'kapaipi kagalasi, anayatsa nyale. Ntchentchezo sizinapite kowala. Atayang'ana m'maso mwake anapeza antchito aja atabalalika m'selo, ena atatheratu. Anasinthanso kamkanda koyandikana nako kuti aone ngati kusintha kulikonse kumaononga, ndipo zimenezo zinathamangira nyale bwinobwino.

Dokotala uja anabwera yekha kudzaona. Mankhwala sanapezeke, ndipo akulu anga anamuuza mosapsatira kuti asanamize makolo. Koma kuyambira pamenepo ankatha kupima khanda la m'mabanja amenewo n'kudziwa msanga, kuti liyambe kuphunzira kulankhula ndi manja ndi kuwerenga ndi zala maso asanafooke. Anafuna kubweretsa makolowo kuti adzathokoze. Akulu anga anakana, akuti abweretsa tinthata.

Msonkhano unachitikira mu holo ina yocheperapo. Ndinawasokera suti yabuluu, ndipo ndinapita, poti ndinkafuna kumva mmene abwezere. Aliyense wodziwa mbiri yawo ankadikira zomwezo. Koma akulu anga sanabadwe olankhula pagulu. Anaima chofulatira anthu, akuwerenga manambala pakhoma ndi mawu apansipansi, osadumpha ngakhale imodzi. Nthawi yawo inatha, wapampando anaimirira, iwo anapitiriza. Anthu anayamba kutuluka kukamwa tiyi. Pomaliza sanathokoze munthu aliyense, anangoti, "Basi." Otsalawo atapatsidwa mwayi wa mafunso, woyamba anatembenukira kumene kunakhala alamu n'kuti, "Mwina Pulofesa atithandize apa." Alamu anaimirira, n'kuyankha mokoma, anthu n'kuseka, n'kuomba m'manja.

Tinabwerera pa basi. Titatsika akulu anga anandiuza kuti suti ija inkawathina m'khwapa, n'chifukwa chake zinayenda choncho.

Alamu anamwalira patapita zaka zochepa, ndi mtima, ali mu ofesi. Akulu anga anapita kumaliro chifukwa Dona anawauza kuti akapanda kupita asadzamuimbirenso foni. Anakhala kumbuyo, manja pamiyendo, maso ouma gwa. Chaka chotsatira anapuma pantchito. Ntchentche anazitumiza kwa mayi wina wa kudziko lina, atamufunsa mafunso mlungu wathunthu ngati akumupatsa mwana. Pano amakhala okha m'nyumba ija. Dona anakwatiwa kutali ndipo amaimba Lamlungu, mwachidule. Ine ndimapita kukawaona pakati pa mlungu, timakangana, ndimabwerako.

Mwezi wathawu yunivesite inatsegula nyumba yatsopano ya labotale, n'kuitcha dzina la alamu. Anaitana akulu anga, ndipo ndinadabwa kuti anavomera. Tinapita tonse. Panali matenti, akuluakulu ovala mikanjo, mkazi wachiwiri uja atakhala kutsogolo. Atatha malankhulidwe anachotsa nsalu pakhoma la pakhomo. Panali chitsulo chachikulu chonyezimira, atazokotapo nkhope ya alamu, ndi pambali pake chithunzi chija cha timbaniro tiwiri, chachikulu ngati chitseko, timizere take ndi tizigawo tina topotana ngati sipuling'i.

Anthu atayamba kupita kukadya, akulu anga anayandikira, n'kuvala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinamva kaphokoso kachilendo, ndipo ndinaganiza kuti atsamwa. Ankaseka.

"N'chiyani, achemwali?"

"Ona tisipuling'ito. Tikupotera kumanzere."

"Ndiye?"

"M'zamoyo zonse timeneti timapotera kumanja. Wozokotayo watembenuza chithunzi, ngati pagalasi. Kambaniro kotere kulibe, ngakhale mwa nyongolotsi." Anapukuta maso ndi kansalu. "Munthu uja ankadzudzula ophunzira pagulu chifukwa cha zimenezi."

Mkulu watsopano wa dipatimenti, bambo wachinyamata waulemu, anatiyandikira akupukusa manja. "Mayi, mwachiona bwanji? Mwina mwaona choti tikonze?"

Akulu anga anavula magalasi n'kuwaika m'chikwama.

"Musakhudze kalikonse, bambo," anatero. "Chawayenera."

Bamboyo anathokoza kwambiri. Ife tinapita kukakwera basi, ndipo njira yonse akulu anga ankadandaula kuti nsapato zimene ndinawasankhira zikuwaluma.